Mayi akubwera kunyumba ndi valavu yachitsulo mumtima: yankho kwa bambo a ku Ntcheu

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndasunga: "Mayi a kunyumba, a zaka 34, awachita opaleshoni ya mtima ku India ndipo awaika valavu yachitsulo. Akubwera masabata awiri akudzawa. Tili ndi mwana wa zaka ziwiri, komanso abale akufuna kuwachingamira ndi phwando. Tiwasamalire bwanji? Adzayamba liti ntchito zapakhomo? Ena akuti asadzadyenso masamba, kodi n'zoona?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa mayi asanafike. Zomwe madokotala awo alembe m'kalata yowatulutsira m'chipatala ndizo zoyamba kutsata, zangazi n'zongowonjezera. Koma ndinene mosapsatira: bala la pachifuwa lidzapola pakatha miyezi itatu, pomwe mankhwala oletsa magazi kuundana adzamwa moyo wawo wonse. Mabanja ambiri maso amakhala pa bala, poti ndi lomwe likuoneka, ndiye munthu akangoyamba kupeza bwino amatayirira pa mankhwala. Choncho ndiyambira ku mankhwalako.

Valavu ndi kachitseko ka mumtima komwe kamatseguka n'kutseka kuti magazi aziyenda molowera mbali imodzi, ndipo magazi sachedwa kuundana akamakhudza valavu yachitsulo. Kachibulumwa ka magazi koteroko kangathe kutseka valavuyo, kapena kuthothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kuchita sitiroko. N'chifukwa chake amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana aja, otchedwa warfarin. Vuto la warfarin ndi loti mlingo wake sufanana kwa anthu onse, ndipo ngakhale kwa munthu yemweyo umasinthasintha. Ukachepa magazi amaundana, ukachuluka munthu amataya magazi. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza magazi komwe amati INR, komwe kumapereka nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana. Munthu wosamwa mankhwalawa INR yake imakhala cha pa 1. Nambala yofunika imadalira valavu ya mumtima yomwe inasinthidwa: kwa amene anaikidwa yachitsulo m'malo mwa valavu yotchedwa mitral, madokotala kawirikawiri amafuna ikhale pakati pa 2.5 ndi 3.5, pomwe ya aortic nthawi zambiri imakhala pakati pa 2 ndi 3. Muwaimbire mayi afunse nambala yawoyawo asanatuluke, ailembetse pa pepala.

Masiku oyambirira INR imayezedwa pafupipafupi, mwina sabata iliyonse, kenako ikakhazikika kamodzi pamwezi. Zipatala zing'onozing'ono zakumudzi nthawi zambiri siziyeza. Ndiye ntchito yanu ya sabata ino, mayi asanakwere n'komwe ndege, ndi kupita ku chipatala cha boma pa Ntcheu pomwepo kukafunsa komwe azikayezetsa. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, muwerengeretu ndalama ya thiransipoti ya mwezi ndi mwezi. Ndalama imeneyo ndiyo ndingaike patsogolo kuposa ya mbuzi ya paphwando.

Pali kanthu kena komwe kamasokoneza anthu ochokera ku India. Madokotala ambiri kumeneko salemba warfarin, amalemba mankhwala ena ofanana nawo otchedwa acenocoumarol, omwe pa paketi amalembedwa kuti Acitrom. Ntchito yake ndi imodzi, koma mamiligalamu ake sasinthanitsidwa chimodzimodzi. Ngati mayi abwera ndi amenewa ndipo kuno mwapeza warfarin yekha, musangowasinthira nokha, ndipo asamwe mitundu yonse iwiri. Kusinthako achite ndi dokotala, akuyeza INR. Ayesetsenso kubwera ndi mankhwala okwanira miyezi ingapo. Pa mapiritsi muziwerenga nambala ya mamiligalamu, osati kudalira mtundu wake, poti makampani amawapaka mitundu yosiyana. Azimwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ambiri amasankha madzulo. Akaiwala tsiku lathunthu asadzamwe awiri mawa lake, angolemba m'kabuku n'kuuza achipatala.

Tsopano za masamba zija. Ayi, asasiye. Amene anakuuzaniwo anamva mbali imodzi yokha. N'zoona kuti mpiru, repu, nkhwani, bonongwe, chisoso ndi chigwada zili ndi vitamini K, yemwe amachepetsa mphamvu ya warfarin. Koma chomwe chimasokoneza INR ndi kusinthasintha kadyedwe: sabata ino masamba tsiku ndi tsiku, sabata yamawa usipa ndi nyemba zokhazokha. Azidya monga amadyera kale, pa mlingo wosasintha kwambiri, ndipo dokotala adzayika mankhwala molingana ndi kadyedwe kameneko. Nyengo ya dzinja ikafika, nkhwani ndi bonongwe zitachuluka m'munda, ndi bwino kuyezetsa msanga. Mchere achepetse, chifukwa umasunga madzi m'thupi.

Chomwe ndimaopa kuposa masamba ndi mapiritsi a pagolosale. Aspirin, Brufen ndi diclofenac akaphatikizana ndi warfarin amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Mutu ukawawa amwe Panado, ndipo asapitirize masiku ambiri osauza dokotala. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amakweza INR, pomwe rifampicin wa m'mankhwala a TB amaitsitsa kwambiri. Choncho paliponse pomwe akalandire chithandizo, mawu oyamba azikhala akuti "ndili ndi valavu yachitsulo, ndimamwa warfarin". Abale ena adzabwera ndi mankhwala azitsamba, mwachikondi ndithu, ati olimbitsa thupi. Muwathokoze koma mayi asamwe, poti palibe amene angakuuzeni zomwe mizuyo ichite ndi warfarin. Kutema mphini ndiye ayi ndithu, magazi ake savuta kuyamba koma amavuta kuleka. Mowa nawonso aupewe.

Tibwere ku bala. Pa opaleshoni yotere madokotala nthawi zambiri amadula fupa la pakati pa chifuwa m'litali, kenako n'kulimanga ndi mawaya omwe amakhala momwemo. Fupalo limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndipo kulimba kwenikweni ndi pa miyezi itatu. Pa masabata oyambawo asanyamule chinthu choposa makilogalamu 5. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Mwana wanu wa zaka ziwiri, ngati akukula bwino, wadutsa kale makilogalamu 10. Ndiye kubereka kumbuyo ayi, kumunyamula ayi. Mayi akhale pampando, wina amukhazike mwanayo pambali pawo. Apa padzakhala misozi ya onse awiri, konzekani. Kusinja, kulima, kuwaza nkhuni, kupopa pa mjigo, kufinya zovala ngakhale kuvundula nsima ya banja lonse zidikire. Pezani mchemwali wawo kapena apongozi adzakhale nanu miyezi iwiri, ndipo zina mugwire nokha bambo, dzanja silithyoka ndi mthiko.

Komabe asagonerere. Kuyenda ndiye mankhwala: mphindi zisanu kapena khumi pabwalo kangapo patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, pa liwiro loti angathe kucheza akuyenda. Akafuna kutsokomola akumbatire pilo pachifuwa. Podzuka asadzikoke ndi manja, ayambe atembenukira chammbali n'kutsitsa miyendo. Masabata oyamba azigona chagada. Bala azitsuka ndi madzi oyera ndi sopo wamba, n'kuliumitsa mosakhula, osapakapo mafuta. Pochokera ku bwalo la ndege pezani galimoto yoti akhale momasuka, lamba amange, kapilo kali pachifuwa. Minibasi yothithikana ndi kabaza wa njinga yamoto ziyambe zadikira, makamaka poti kugwa n'kumenyetsa mutu uli pa warfarin ndi nkhani ya kuchipatala ngakhale pasaoneke bala.

Za phwando, ine ndikanati lidikire miyezi iwiri. Anthu adzabwerabe kudzazonda, sitingawaletse, ndi chikhalidwe chathu. Koma azibwera ochepa, asakhalitse, wachimfine ayime patali, ndipo zokumbatirana mwamphamvu zija muziletse inuyo, chifukwa mayi adzachita manyazi kukana.

Usiku kukakhala zii mudzamva kaphokoso ka "thi, thi, thi" m'chifuwa mwawo ngati wotchi. Ndi valavuyo ikutseka, musaope. Chodetsa nkhawa ndi pomwe kaphokosoko kasintha kapena kazilala, iwo akubanika.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo muzidziwe nonse pakhomopo: kukamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka, kulankhula movutikira, mutu waukulu wadzidzidzi, kamfuno wosaleka, mkodzo wamagazi, chimbudzi chakuda bii, msambo wochuluka modabwitsa, kukomoka, mtima kugunda mothamanga kapena mosalongosoka, bala kufiira, kutuluka mafinya, kapena fupa kumveka ngati likusuntha. Ngati muli ndi sikelo azidziyeza m'mawa uliwonse. Kukwera ndi makilogalamu awiri m'masiku ochepa, mapazi akutupa, ndiye kuti madzi akudzadza m'thupi.

Kutentha thupi ndikupatula dala. Kwathu kuno thupi likatentha timangoti malungo, n'kugula LA. Kwa munthu wa valavu yoikirira, kutentha thupi kungakhale tizilombo tomwe takhazikika pa valavupo, matenda otchedwa endocarditis, omwe amapha akachedwa kupezeka. Akayezetse malungo, inde, koma akapanda kupezeka kapena kutentha kukapitirira, apite ku chipatala chachikulu asanayambe kumwa maantibayotiki ogula okha, chifukwa amabisa tizilomboto poyeza magazi. Nthawi zambiri timalowera m'kamwa, choncho azitsuka mano bwino, ndipo asanachotsetse dzino anene za valavu ndi warfarin. Neti azigonamo usiku uliwonse.

Nkhani ina simunafunse koma pa zaka 34 siyozemba. Warfarin amatha kuvulaza mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyambirira, ndipo mimba payokha imawonjezera chiopsezo choti magazi aundane pa valavu. Kambiranani ndi dokotala za njira yolera yowayenera musanayambirenso kukhalira limodzi, zomwe ambiri amaloledwa pakatha masabata 6 mpaka 8. Akadzaima mosayembekezera asasiye mankhwala paokha, apite kuchipatala msangamsanga.

Musadabwe akamalira popanda chifukwa, kusowa tulo, kuiwalaiwala kapena kukana chakudya. Zimachitikira ambiri akachoka ku opaleshoni ya mtima ndipo zimatha pakapita masabata. Zikapitirira mwezi, kapena akamanena zotaya mtima, auzeni achipatala.

Pomaliza, funsani chomwe chinawononga valavuyo. Kwa anthu a msinkhu wawo kuno kwathu, kawirikawiri ndi rheumatic heart disease, yomwe imayamba ndi zilonda zapakhosi za ubwana zomwe sizinachizidwe. Ngati ndi choncho, opaleshoni sinathetse chiopsezo ku mavalavu otsalawo, ndipo ambiri amapitiriza penicillin, kaya wa jekeseni ya benzathine masabata atatu kapena anayi alionse, kaya wakumwa. Dokotala ndiye asankhe poganizira warfarin uja. Mwana wanuyonso akadzafika zaka zapakati pa 5 ndi 15, akadzadandaula pakhosi thupi likutentha, musadzangomugulira Panado, mudzapite naye kuchipatala akamuone ngati akufunika penicillin.