Funsani amakaniki: kompresa yomangirira pa galimoto, nzofunikadi?

FUNSO: Moni amakaniki. Ine ndimakhala ku Furancungo, ndili ndi Land Cruiser pikapu yakale yomwe ndimatutira fodya ndi chimanga mmidzi, nthawi zina ndimafika ku Ulónguè kapena kutsikira ku Tete. Vuto ndi mpweya wa matayala, kutchire kuno kulibe bomba lopopera matayala, pompa ya phazi imathetsa mphamvu ndipo kakompresa kamene ndinagula kolumikiza pa soketi ya laita kanangootcha fyuzi kenako kanafa. Mnzanga akuti ndigule yaikulu yomangirira pa galimoto penipeni. Kodi ndalama zake sizingopita pachabe? Nanga imaikidwa pati? Wowerenga wanu, ku Macanga.

YANKHO: Zikomo bambo, mnzanuyo wakuuzani zoona, gulani. Koma phindu lake si kupopa tayala loboka lokha ayi. Phindu lalikulu ndi loti mukakhala nayo simuopanso kuphwetsa matayala, chifukwa mukudziwa kuti mpweya muubwezera nokha. Anthu ambiri amatitimira mumchenga wa mmitsinje youma ija kapena mmatope a Januwale matayala ali gwaa ngati ali pa tala, kumangoponda mafuta galimoto nkumadzikumbira dzenje. Mukatsitsa mpweya kufika cha mma 1.2 mpaka 1.5 bar (muyezo wa mpweya pa geji), tayala limatambalala pansi, limagwira malo aakulu ndipo galimoto imayenda pamwamba pa mchenga. Pa msewu wa fumbi wa mabampu 1.8 bar imachepetsa kugwedezeka. Koma mvetsetsani apa, manambala amenewa ndi a galimoto yopepuka, mukadzaza matumba a chimanga kumbuyo musatsitse chonchi, ndipo pansi pa 1 bar tayala litha kuvuka pa rimu mukakhota mwamphamvu. Mukangofika pa tala, kaya ndi N7 yopita ku Zóbuè kaya msewu wa ku Calómuè, imani mubwezere mpweya monga zalembedwera pa kastika ka pakhomo la dalaivala, chifukwa tayala lofewa likathamanga pa tala limatentha mmbali nkuphulika, nanji kutentha kwa ku Tete kwa Okutobala kopitirira madigiri 40 kuja.

Za kakompresa kanu kaja, sikanalakwe kwenikweni, munakapatsa ntchito yosakhala yake. Soketi ya laita imapirira ma amp 10 kapena 15 basi, pomwe kompresa yoti ingadzaze tayala la Land Cruiser msanga imakoka 30, 40, zina za ma silinda awiri kupitirira 50. Nde pogula musamatengeke ndi nambala yaikulu ya psi (muyezo wina wa mphamvu ya mpweya) yomwe amalemba pa katoni, tayala lanu silifuna mphamvu yonseyo. Onani malita a mpweya omwe imapopa pa mphindi. Za malita 35 nzochedwa kwa matayala aakulu, yambirani cha mma 70 kupita mmwamba, za 150 kapena 160 nde zabwino koposa. Onaninso duty cycle, kutanthauza nthawi yomwe ingalire isanafune kupuma, zotchipa zambiri zimatentha mutangomaliza matayala awiri. Za kampani ya ARB nzolimba koma mtengo wake ngowawa, zilipo zina zapakatikati zogwira ntchito bwinobwino. Chinanso, ma Land Cruiser ena akale a dizilo ochokera ku Japan ndi a 24V, mabatire awiri olumikizana, nde yezani kaye musanagule ya 12V.

Pa mawaya ndi pomwe ndikufuna mumve bwino chifukwa galimoto zimapsa nazo zimenezi. Waya achokere ku batire mwachindunji, akhale wonenepa, 10 mm² ngati kompresa ili pafupi, 16 mm² ngati mukuitengera kumbuyo. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, osapitirira kutalika kwa rula ya kusukulu, kukula kwake tsatirani kabuku kobwera ndi kompresayo. Mukaika fyuzi kumapeto uko, waya akakhuzika pa chitsulo cha shasi palibe chomuteteza, amafiira nkuyatsa moto. Pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo muikepo kalabala, ndipo mumumange ndi ma tayi kutali ndi ekizozi. Switchi ya mu kabini iziyendetsa rile (kachipangizo kotsegula ndi kutseka magetsi aakulu), magetsi aakuluwo asadutse pa switchi. Ndipo chonde amakaniki anzanga, zopota mawaya ndi zala nkukulunga tepi tisiye pa ntchito ngati iyi, gulani ma tamino (tizitsulo ta kumapeto kwa waya) mufinye bwino. Popopa injini izilira, apo ayi batire ikutherani muli pakati pa thengo.

Malo oika: ambiri amathamangira mu boneti chifukwa batire ili pomwepo, nzotheka ngati pali malo kutali ndi manifodi (mapaipi otentha otulutsa utsi mu injini), koma kompresa payokha imatentha kale moti mutu wake sungaugwire ndi dzanja. Ine ndimakonda kuseri kwa mpando kapena mu bokosi la chitsulo lokhala ndi mabowo a mphepo kumbuyo kwa kabini. Kunsi kwa galimoto ayi, kwanu kuja mumaoloka mitsinje. Imangeni pa timalabala kuti isasweke ndi kugwedezeka, ndipo kasefa ka mpweya muzikachotsa nkukakuntha kawirikawiri, fumbi la chilimwe likalowa mkati limadya pisitoni. Thanki ya mpweya simukuifuna ngati ntchito ndi matayala okha. Ndalama imeneyo gulirani geji yabwino, paipi yofika matayala onse anayi, ndi timapulagi tomatira tayala la tubeless (lopanda chubu).

FUNSO: Tayala likavuka pa rimu kutchire, anyamata kuno amathira petulo mkati nkuyatsa machesi kuti libwerere. Kompresa ingachite zimenezi? Wowerenga, ku Tsangano.

YANKHO: Za petulozo zilekeni ndithu achimwene, anthu amapsa nkhope ndi manja ndipo tayala limaonongeka mkati mosaoneka. Kwezani galimoto ndi jeke, chotsani mchenga wonse pamilomo ya rimu, pakani madzi a sopo, kenako zungulizani lamba womangira katundu pakati pa tayala nkumanga kuti milomo yake ikankhikire kunja. Chotsani kamtima ka mu valavu kuti mpweya ulowe wambiri nthawi imodzi, lumikizani kompresa, zala zikhale kutali ndi rimu. Likangoyamba kugwira mpweya masulani lamba uja, muzamva kuti phu kawiri, mbali iyi ndi inayo. Bwezerani kamtima kaja mupope mpaka pa mlingo wake. Kompresa yaing'ono nthawi zambiri imalephera ntchito imeneyi, zikatero ikani sipeya, linalo mukakonzetse kwa okonza matayala ku Ulónguè.