Funsani Aphunzitsi: Ana achite chiyani pakhomo sukulu zili chitsekere?

Sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 Malichi chaka cha 2020 pofuna kupewa kufala kwa Covid-19, ndipo kuyambira pamenepo makalata ambiri obwera ku tsamba lino anali okhudza ana a pulayimale. Mafunso ndi mayankho ali m'munsimu ndi a nthawi imeneyo, sukulu zili chitsekere. Amene anayankha ndi aphunzitsi a makalasi a ana ang'onoang'ono pamodzi ndi a phunziro la Expressive Arts.

Mwana wanga ali mu Sitandade 1. Sukulu isanatsekedwe ankatha kuwerenga mawu ngati "amama" ndi "ana", koma pano zonse zauluka. Ndimamukhazika pansi m'mawa wonse, mapeto ake amangolira. Buku tilibe. Nditani? Mayi wa ku Mitundu

Mayi, m'mawa wonse wachuluka. Mwana wa zaka 6 kapena 7 amamvetsera bwino kwa mphindi 15 kapena 20, zikadutsa apo mukungomutopetsa. Muzikhala naye kawiri pa tsiku, m'mawa akadya phala ndi madzulo dzuwa likapepa.

Kusowa kwa buku kusakudetseni nkhawa. Pezani katoni yakale, muidule timakadi totalika ngati chala chanu cha mkombaphala mbali zonse. Pa khadi lililonse lembani lembo limodzi laling'ono ndi khala kapena cholembera. Musayambe ndi a, b, c. Ku sukulu ana a Sitandade 1 amayamba ndi malembo asanu ndi anayi awa: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Aphunzitsi amangowatchula kuti "anikumeto". Ndi malembo amene amapezeka kwambiri m'Chichewa, choncho mwana akawadziwa amayamba msanga kuwerenga mawu enieni: ana, ine, kuno, mutu, moto, mano, nena, kumeta. Ngakhale chiganizo chathunthu chimatuluka: "Amama akumeta ana." Lembo lililonse likhale ndi makadi atatu kapena anayi, makamaka "a", chifukwa mawu amodzi amatha kulifuna kangapo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ana pakhomo. Choyamba ndi kuwaphunzitsa mayina a malembo a Chingerezi, "emu", "eni", "kei". Mwana wophunzira chonchi akaona "ma" amati "emu-e", osatha kuphatikiza. Muuzeni liwu la lembo: milomo yotseka, "mmm", kenaka "a", muyandikizitse makadi awiriwo pang'onopang'ono mpaka amve yekha kuti "ma". Chachiwiri ndi kuimbitsa "ma, me, mi, mo, mu" motsatana tsiku ndi tsiku. Mwana amaloweza nyimboyo osayang'ana n'komwe malembo. Sakanizani makadi, mumulozere "mo" kenaka "ma" kenaka "mu". Akalephera apo, ndiye kuti ankangoimba.

Kulemba azilemba pansi ndi chala kapena kamtengo, malembo akuluakulu ngati chikhatho. Angathenso kuumba malembowo ndi dongo. Lembo limene mwana waliumba yekha ndi manja ake saliiwala msanga.

Ndimatsegulira ana wailesi nthawi ya maphunziro a pa MBC, koma amangokhala duu, kenaka n'kuthawa. Bambo wa ku Balaka

Bambo, maphunziro a pa wailesi, monga a Tikwere aja, anakonzedwa kuti pakhale munthu woima pakati pa wailesi ndi mwana. Wailesi ikati "imirirani" kapena "lembani", imasiya kampata kochepa kuti mwana achitedi zimenezo. Popanda womulimbikitsa, kampatako kamangodutsa. Pakhale wamkulu, ngakhale mchimwene kapena mchemwali wake wa ku sekondale, ndipo kope, pensulo ndi zitsekerero za mabotolo 20 zowerengera masamu zikhale pamkeka pologalamu isanayambe. Ikatha, womuthandizayo abwereze naye mfundo imodzi yokha kwa mphindi zisanu. Mwana aliyense amvere phunziro la kalasi yake, wamng'ono musamukakamize kukhalira la wamkulu.

Ndili mu Sitandade 5. Ndimaumba ng'ombe ndi timiphika tadongo koma zikauma zimang'aluka, miyendo n'kuthothoka. Ndikaziotcha zina zimaphulika. Ndikulakwitsa pati? Mnyamata wa ku Dedza

Mwanawe, funso lako latisangalatsa kwambiri, ndipo vuto lililonse walitchulali lili ndi chifukwa chake.

Yamba ndi dongo lenilenilo. Ukakumba ku dambo kapena pa chulu, tapa pang'ono, ulinyowetse, ulipote ngati chingwe chonenepa ngati chala chako chaching'ono, ndiye ukulunge pa chala. Likathyokathyoka, muli mchenga wambiri, kafune pena. Likapindika bwinobwino osang'aluka, ndi labwino. Koma dongo lomata kwambiri nalonso lili ndi vuto lake: limafota kwambiri likamauma, ndipo kufotako ndi kumene kumang'alula ng'ombe zako. Mankhwala ake ndi kulisakaniza. Pa makapu anayi a dongo thira kapu imodzi ya mchenga wosefa, kapena ya mapale akale osinja bwino, monga amachitira amayi oumba mbiya. Liviike usiku wonse, uchotse timiyala ndi timizu tonse, kenaka ulikande mpaka lisamamatirire m'manja.

Miyendo imathothoka chifukwa umaiumba payokha n'kungoimata. Njira yabwino ndi kuikoka kuchokera ku thupi la ng'ombeyo, nyanga nazonso chimodzimodzi. Ukafuna kumata, kandakanda ndi kamtengo mbali zonse ziwiri zokumanazo, upakepo phala la dongo losungunula m'madzi, ukanikize, kenaka usalaze mpaka msoko usaoneke. Usalowetse mtengo m'kati mwa mwendo kuti ulimbe. Dongo limafota koma mtengo sufota, ndiye mwendo umang'aluka motsatira mtengowo.

Tsopano kuumitsa, pamene ana ambiri amapupuluma. Ukayanika padzuwa, kunja kumauma m'kati muli chinyezi, basi ming'alu. Ika zoumba zako m'nyumba kapena pakhonde popanda mphepo, uzifunditse masamba a nthochi masiku awiri oyamba. M'mawa mwake dongo likayamba kulimba koma lisanaume, likwiche ndi nkhulungo kapena kumbuyo kwa supuni kuti liwale. Dikira sabata yathunthu, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno ngakhale masiku 10. Pofuna kudziwa ngati chauma, chigunditse pa tsaya. Chikamazizira, madzi akadalimo.

Kuphulika pamoto kumabwera chifukwa cha madzi otsalira amene amasanduka nthunzi n'kusowa potulukira. Nchifukwa chake thupi la ng'ombe lisanenepe kuposa zala ziwiri. Likaposa apo, liboole kumimba ndi kamtengo likadali lofewa. Tsiku lootcha, yamba waziika m'mbali mwa moto kwa ola limodzi ukuzitembenuza, kenaka uziunjikire zitsononkho, makungwa ndi ndowe zouma, uyatse kuchokera pamwamba. Uzisiye zizizire m'phulusa momwemo mpaka m'mawa. Pootcha pakhale munthu wamkulu, kutali ndi nkhokwe ndi denga la udzu, poti nyengo ino udzu wauma.

Ukaumba, yeza kutalika kwa ng'ombe yako ndi rula n'kulemba m'kope. Ikauma uyezenso. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukuuza mmene dongo la kwanu limafotera, ndipo ukatero wachita sayansi ndi masamu pamodzi.

Tikukhala nyumba ya lendi, bwalo ndi laling'ono, dongo kulibe. Ana akufuna kujambula koma penti ndi guluu ndi zodula. Mayi wa ana atatu, Ndirande

Mayi, zambiri zili m'khitchini mwanu momwemo. Guluu ndi phala la ufa wa chinangwa: supuni imodzi yaikulu ya ufa mu kapu imodzi ya madzi ozizira, takasani mibulu ithe, kenaka muike pamoto wochepa mukutakasabe mpaka lisinthe kuchoka koyera n'kuyamba kuonekera m'kati. Thiranimo theka la supuni yaing'ono ya mchere kuti lisachite chuku msanga. Mukathira ufa m'madzi owira kale mupeza mibulu yokhayokha. Fulawa wa tirigu amagwiranso ntchito, koma ufa wa chimanga sumata bwino. Phikani lochepa, chifukwa pakatha masiku awiri limasasa.

Penti wakuda ndi makala osinja n'kusefa pa kansalu. Wofiirira ndi dothi la katondo kapena chidutswa cha njerwa yootcha chopera pa mwala. Woyera ndi choko kapena phulusa loyera losefa. Chilichonse mwa izi sakanizani supuni ziwiri ndi supuni imodzi ya guluu uja, ndi madzi pang'ono. Mukapanda guluu, chithunzi chikauma utoto umangoyoyoka. Wobiriwira amachokera ku masamba a maungu kapena a mbatata osinja n'kufinya, ngakhale kuti pakapita masiku amafwifwa. Chosangalatsa ana kwambiri ndi chidede. Wiritsani dzanja limodzi la chidede chouma mu theka la kapu ya madzi, mupeza utoto wofiira. Gawani pawiri: kwina donthezerani madzi a ndimu, kufiira kuwala, kwina thirani kasoda pang'ono, utoto usanduka wobiriwira moderako ana akuona. Burashi ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kosasantha kunsonga. Kumbuyo kwa makalendala akale ndi makatoni ndiko pojambula.

Manyuzipepala akale angalowe m'malo mwa dongo. Ana awang'ambe tizidutswa, muviike usiku wonse, musinje mu mtondo, mufinye madzi pa nsalu. Makapu anayi a zosinjazo asakanizidwe ndi kapu imodzi ya guluu. Vundikirani mbale, muikute ndi jumbo, ana amatepo mopyapyala osaposa theka la sentimita, ndipo muyanike padzuwa masiku atatu. Izi, mosiyana ndi dongo, zimafuna dzuwa. Zikanenepa zimachita chuku m'kati zisanaume. Zikauma muzipachike, poti mbewa ndi mphemvu zimatsata fungo la phala.

Anyamata akayamba za galimoto za mawaya, chimene chimawavuta n'chakuti matayala sazungulira chifukwa amamanga waya wa matayala molimba ku thupi la galimoto. Waya ameneyu adutse m'kati mwa chikhungwa cha bolopeni yakutha, ndipo chikhungwacho ndicho chimangiriridwe ku galimoto ndi mphira wa chubu. Nsonga zonse za waya azipinde. Asaotche matayala pofuna waya, utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Ndipo kulikonse kumene ana akutola zipangizo, awiri awa asawakhudze: nkhadze, chifukwa utomoni wake umawononga maso, ndi nthanga za nsatsi, zimene ndi poizoni mwana akatafuna.

Adzukulu anga azisewera ndi ana a anansi kapena ayi? Agogo a ku Mponela

Agogo, amene tikumuopera kwambiri pankhaniyi ndi inuyo, chifukwa matenda a Covid-19 amavutitsa kwambiri achikulire ndi amene ali ndi shuga, BP kapena chifuwa cha mphumu, pomwe mwana angathe kuwatenga osaoneka kudwala. Masewero ogwirana monga chipako aimitsidwe kaye. Jingo ya chingwe chachitali ndi kuthamangitsa galimoto za mawaya panja, ana ochepa omwewomwewo tsiku lililonse, ndiko bwinoko. Madzulo nthano ndi zilape ziziimbidwa pabwalo, osati m'nyumba yotseka.

Apatseninso ntchito yomanga mpondagiya wosambira m'manja polowera pakhomo. Zofunika ndi mphanda ziwiri zofika m'chiuno mwa mwana wamkulu, mtengo wopingasa, chigubu cha malita 5, chingwe ndi mtengo wopondapo wotalika mita imodzi. Wamkulu aboole chigubu ndi msomali wamoto, zala zitatu kutsika kuchokera pa chitsekerero. Bowo likakula madzi satha tsiku, likatsika kwambiri chigubu chimadontha chokha. Pansi akumbe kadzenje n'kudzazamo miyala kuti pasachite matope. Sopo amangidwe pa chingwe n'kumuvundikira ndi kachitini koboola, kuopa mbuzi ndi mvula.

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 8. Mayeso aimitsidwa, ndipo iye wayamba kutaya nthawi ndi kusoka mamasiki m'malo mowerenga. Ndimuletse? Bambo wa ku Zomba

Ayi bambo, musamuletse. Pa mapepala asanu ndi limodzi amene bungwe loona za mayeso la MANEB limafunsa pa mayeso a Sitandade 8, limodzi ndi la Arts and Life Skills, ndipo kusoka kuli m'gulu la zimene amaphunzira mu Expressive Arts. Komanso mtsikana amene ali ndi chochita chimene akuchikonda pakhomo ndi wotetezeka kuposa amene akungoyendayenda kumsika miyezi yonseyi. Chofunika ndi kugawa nthawi. M'mawa awerenge maola awiri, kupumula pakati: ola limodzi masamu tsiku lililonse osadumphitsa, ola linalo phunziro lina mosinthasintha. Loweruka alembe pepala limodzi la mayeso akale, inu mutagwira wotchi, ayankhe osatsegula kope. Ntchito za pakhomo agawane ndi alongo ake, zisamugwere yekha chifukwa choti ndi mtsikana.

Masana asoke, koma asoke zolondola. Nsalu ikhale ya thonje yolukana kwambiri. Akaiyang'anitsa kudzuwa n'kuona timabowo, siyoyenera. Chitenje chatsopano achichape kaye kuti chifote asanadule. Ya munthu wamkulu adule nsalu zitatu za masentimita 22 m'litali ndi 18 m'lifupi, ya mwana wa pulayimale 18 ndi 15. Azisanjikize, asoke m'mbali, apinde mapindo atatu oloza pansi mbali zazifupizo, kenaka alumikize zingwe zinayi za masentimita 40 zomangira kumbuyo kwa mutu. Masiki ikamasiya mpata m'masaya ndiye kuti mapindo achepa kuya, asole n'kupindanso. Munthu aliyense akhale ndi ziwiri, kuti ina ikachapidwa ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa ina akhale atavala, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri asavekedwe konse.