Aphungu a ku America amauzidwa za CIA, koma mauzidwe ake ndi omanga pakamwa

Achimwene, mwafunsa kuti popeza CIA, bungwe la akazitape la ku America, imagwira ntchito mobisa, kodi aphungu a ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, amauzidwadi zomwe ikuchita kapena amangowaphimba m'maso. Ena ayankha kale kuti aphunguwo sadziwa kanthu. Ine ndikuti amauzidwa zambiri ndithu, koma wouzidwayo amatuluka m'chipindamo atamangidwa pakamwa, ndipo akazitape amachidziwa bwino chimenechi.

CIA inakhazikitsidwa mu 1947, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 aphungu sankafuna n'komwe kudziwa. Mkulu wa bungweli ankakumana ndi madoda ochepa a m'makomiti a zachitetezo ndi zandalama, monga Seneta Richard Russell wa ku Georgia, kucheza pang'ono, ndalama n'kuvomerezedwa. Mu 1956 Seneta Mike Mansfield atapempha kuti pakhale komiti yeniyeni yoyang'anira akazitape, anzake anamukanira ndi mavoti 59 kwa 27. Musadabwe nazo, wandale amadziwa kuti chomwe sanamve palibe angamufunse nacho.

Tulo tinatha mu Disembala 1974, mtolankhani Seymour Hersh atalemba mu New York Times kuti CIA inkazonda nzika za America m'dziko mwawo momwemo, zomwe lamulo silinkailola. Chaka chotsatira komiti ya Seneta Frank Church inayamba kufukula. Mwa zomwe zinatuluka munali chiwembu chofuna kupha Fidel Castro, komanso poizoni yemwe anatumizidwa ku Congo mu 1960 kuti akathire Patrice Lumumba, mtsogoleri woyamba wa boma la dzikolo litalandira ufulu. Poizoniyo sanagwire ntchito, Lumumba anaphedwa ndi ena ku Katanga mu Januwale 1961, koma kuti anatumizidwa zinalembedwa mu lipoti la Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress. William Colby, yemwe ankatsogolera CIA panthawiyo, anasankha kuulula zambiri, mpaka anabweretsa mfuti yoponya timivi ta poizoni, Church n'kuinyamula m'mwamba pamaso pa makamera. Anzake ambiri m'bungwemo anamuona ngati wowagulitsa, ndipo Pulezidenti Ford anamuchotsa chaka chisanathe.

Koma kuti mumvetse mtima wa anthu amenewa, onani za Richard Helms, mkulu wakale wa CIA. Mu 1973, atalumbira pamaso pa maseneta, anamufunsa ngati bungwe lake linayesapo kugwetsa boma la Salvador Allende ku Chile. Anakanitsitsa. Mlandu suola, mu 1977 anakaonekera kukhothi. Sanautsutse mlandu wobisira Senate zoona, ndipo anamulipiritsa madola 2,000, zaka ziwiri zakundende n'kumuimikira. Iye ankati anali ndi malumbiro awiri, lonena zoona ndi losunga chinsinsi, ndipo anasankha lachiwirilo. Atachoka kukhothi anapita kumene akazitape opuma ntchito ankadyera limodzi nkhomaliro. Anamuimirira, kumuombera m'manja, n'kusonkherana pomwepo ndalama za chindapusacho.

Zimenezi ndi zomwe zinabala dongosolo lomwe lilipo lero. Senate inakhazikitsa komiti yake yoona za akazitape mu 1976, nyumba inayo, House of Representatives, yake mu 1977. Lamulo la 1980 linati makomiti awiriwa aziuzidwa zonse komanso nthawi isanathe. Ntchito yachinsinsi yolowerera ndale kapena nkhondo ya dziko lina iyenera kusainidwa ndi pulezidenti, n'kudziwitsa makomitiwo. CIA ili ndi ofesi yapadera, Office of Congressional Affairs, yomwe ntchito yake ndi aphungu basi: kukonza misonkhano, kuyankha makalata awo, kukonzekeretsa bwana asanakafunsidwe, ndi kulemba kuti wakuti anauzidwa zakuti tsiku lakuti. Kulembako kukumbukireni.

Msonkhano umachitikira m'chipinda chotetezedwa. Foni mumasiya panja, mapepala mumawerengera momwemo n'kuwasiya momwemo. Nkhani ikakhala yovuta kwambiri, pulezidenti angathe kuuza anthu asanu ndi atatu okha, otchedwa Gang of Eight: atsogoleri a zipani ziwiri m'nyumba zonse ziwiri, kuphatikiza wapampando ndi wamkulu wa chipani chinacho m'makomiti awiri aja. Nthawi zambiri amalowa opanda owathandiza. Ndiye taganizani, mwauzidwa chinthu chokudetsani nkhawa. Simungauze atolankhani, simungauze okuvoterani, mwina ngakhale anzanu a m'komiti momwemo. Mukanena, mwaphwanya chinsinsi cha boma. Mukakhala chete, tsiku lomwe nkhani yaphulika akazitape amatulutsa kabuku kaja, "paja tinakuuzani." Zinamuchitikira Nancy Pelosi, yemwe panthawiyo anali Sipikala wa House, mu 2009. CIA inati anauzidwa mu Seputembala 2002 za njira zankhanza zofunsira akaidi, iye anati anamunamiza, sanamuuze kuti kuthira mkaidi madzi kumaso ngati akumumiza kunali kutayamba kale. Aliyense anaima pa zake.

Palinso luso la kayankhidwe. Kazitape wochenjera sanama poyera, amangoyankha funso monga mwalifunsira, osawonjezera. William Casey, mkulu wa CIA nthawi ya Reagan, ankatchuka ndi kulankhulira kukhosi moti aphungu ankavutika kumumva. Mu 1984 zitadziwika kuti CIA inatchera mabomba m'madoko a ku Nicaragua, iwo anati komiti inauzidwa, ndipo zoona Casey anazitchulapo, koma mongodutsa mkati mwa chimsonkhano chachitali. Barry Goldwater, wapampando wa komitiyo, wachipani chimodzi ndi Reagan, anamulembera kalata yaukali kwambiri. Mu Marichi 2013 Seneta Ron Wyden anafunsa poyera James Clapper, mkulu wa mabungwe onse a akazitape, ngati NSA, bungwe lozonda mafoni ndi intaneti, imasonkhanitsa uthenga wokhudza nzika mamiliyoni ambiri. Wyden yankho ankalidziwa kale kuchokera m'chipinda chija, koma sakanatha kulinena yekha. Clapper anakana. Patangotha miyezi itatu Edward Snowden, yemwe ankagwirira ntchito NSA, anataya zonse pabwalo.

Ndiye kodi aphungu alibe mano? Ali nawo, ndipo ali pa thumba la ndalama. Chitsanzo chili pafupi nafe, ku Angola. Mu 1975 CIA inkathandiza mobisa magulu ankhondo a FNLA ya Holden Roberto ndi UNITA ya Jonas Savimbi polimbirana ulamuliro ndi gulu la MPLA. Senate inatseka mpopi mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu 1976 lamulo lotchedwa Clark Amendment linaletseratu thandizolo. Ford ndi nduna yake ya zakunja Henry Kissinger anakwiya koma analibe chochita. Lamulolo linakhala mpaka 1985, ndipo litangochotsedwa zida zinayambanso kupita kwa Savimbi. N'chifukwa chake CIA imawasasatitsa aphungu a m'makomitiwa, kuwayendetsa m'maofesi ake akunja, kuwapatsa nkhani zotentha ena asanazimve. Ena amakopeka nazo mpaka kusanduka oyankhulira bungwe lomwe anatumidwa kuliyang'anira. Kwa ine vuto lalikulu ndi limeneli, kuposa bodza.

Komiti ikalimba mtima, ndiye mpamene mumaona ubalewo mmene ulili. Mu 2007 zinadziwika kuti CIA inawononga matepi a vidiyo okhudza kufunsidwa kwa akaidi, omwe pambuyo pake anadziwika kuti analipo 92. Komiti ya Senate, pansi pa Dianne Feinstein, inafufuza nkhani ya kuzunza akaidi kwa zaka zoposa zisanu. Mu Marichi 2014 mayiyu anaima m'nyumbamo n'kunena kuti CIA inalowa m'makompyuta omwe ofufuza a komitiyo ankagwiritsa ntchito. John Brennan, mkulu wa bungweli, anakana, koma pofika Julayi wofufuza wa mkati mwa CIA momwemo anapeza kuti zinachitikadi, Brennan n'kupepesa. Palibe anazengedwa mlandu. Pa 9 Disembala 2014 komiti inatulutsa chidule cha masamba pafupifupi 500, pamene lipoti lonse ndi la masamba oposa 6,700. Otsalawo, achimwene, akadali otsekeredwa, inu ndi ine sitingawawerenge.