Za diso la khanda lija, mverani azakhali

Halo azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mkalasi komanso netiweki kuno ku Salima lero ikungodukaduka. Chithunzi chija ndachiona, ndachikulitsa ndithu. Mwafunsa kuti bwanji kamwana ka diso ka mdzukulu wanuyo kakuoneka kong'ambika cham'munsi ngati polowetsa kiyi pa loko, ndiye akuti ku Benga ena akuti mayi ake anadya zosayenera ali ndi pakati, ena akuti pali munthu. Ndingoyankhula pompano kuti onse mugulumu amve, kulemba ndingatope.

Zooneka choncho achipatala amati coloboma, ndipo nkhani yake imayamba kale kwambiri, mimba isanaoneke nkomwe. Diso limayamba kupangika cha pa tsiku la 22 mayi atangoima, tangoganizani, nthawi imeneyo mwanayo ndi kanthu kakang'ono kosafika ndi kambewu ka mpunga. Mbali zonse ziwiri za kaubongo kake kumatuluka kotupa ngati kachibaluni, kenako kachibaluni kaja kamalowa mkati ngati mmene umachitira mpira wophwa ukaudina ndi chala, nkukhala kakapu ka zikutu ziwiri. Koma kakapuko kamakhala ndi mpata kunsi kwake, dala, kuti mitsempha ya magazi ilowerepo. Mpata umenewo umayenera kutsekeka sabata la 7 lisanathe. Azakhali inu mumakazinga masamusa, mukudziwa kuti mukapinda muja mumamata msoko ndi kaphala ka ufa, pamene simunamate bwino pamayasama. Basi ndi zomwezo. Nchifukwa chake kung'ambikako kumakhala m'munsi chakumphuno, pamene panali msoko paja.

Tsono kaphala komatirako nchiyani. Thupi lonse ndi maselo, tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo kuti asamwazike ngati mchenga wa ku Senga Bay ali ndi mapuloteni pakhungu pawo ogwirana ndi a selo loyandikana nalo. Gulu lodziwika kwambiri ndi ma cadherin, anawatulukira ndi wasayansi wa ku Japan, Masatoshi Takeichi, ndipo dzinalo likuchokera poti amagwira pokhapokha pali kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa uja, mukachotsa kashiamu maselo amatayana. Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti amasankha. Alipo E-cadherin, N-cadherin, P-cadherin ndi ena ambiri, ndipo selo limakonda kumamatira linzake lokhala ndi mtundu womwewo. Mu 1955 asayansi awiri, Townes ndi Holtfreter, anatenga maselo a miluza ya tinyama ta gulu la achule, kuwalekanitsa nkuwasakaniza, maselo aja anasankhana okha, a khungu kupita kunja, enawo mkati. Ngati mutakhuthula usipa ndi utaka pathandala limodzi nkupeza zadzipatula zokha, eti. Ana anga a Fomu 4 ndikawauza zimenezi amaona ngati ndikuwanamiza.

Dikirani njinga yamoto idutse kaye... eya.

Ndiye m'diso ntchito ya ma cadherin aja ndi yambiri. Lenzi, kagalasi kamkati kaja kamene kamachita ng'ala mwa agogo, kamachokera ku khungu la pamwamba. Pamene kachibaluni kaja kakhudza khungu, khungulo limakhuthala, nkulowa mkati, kenako cha mu sabata la 5 limaduka nkukhala kampira pakokha. Kuti liduke maselo ake amayamba kudalira N-cadherin pamene anzawo otsala pamwamba ali ndi E-cadherin, ndiye kumata kokha sikokwanira, pena pamafunika kutayana pa nthawi yake. Likapanda kuduka bwino mwana amabadwa ndi banga loyera pakati pa diso, limenelo ndi vuto lina, amati Peters anomaly. Komanso kuti lenzi ikhale mbee kuwala nkumadutsa, maselo ake amapanikizana mwadongosolo osasiya mpata, mulibe ndi mtsempha wa magazi womwe. Kumbuyo kwa diso nakonso, ku retina kumene kumalandira kuwala, maselo amayalana mizeremizere ngati njerwa. Asayansi amayesa pa kansomba kena kotchedwa zebrafish, si mbuna zathu za m'nyanjazi ayi, kwawo ndi cha ku India, akaononga N-cadherin mwa kansombako mizere ija imasokonekera ndipo msoko wa kunsi uja sutsekeka. Mwa anthu aponso mabanja amene puloteni ina ya mtundu womwewu, FAT1, inalakwika ndipo ana amabadwa ndi coloboma.

Sikuti ndikunena kuti mwa khandali ndi puloteni imeneyo ayi, zoyambitsa zilipo zingapo, zambiri ndi za majini. Apa ndifotokoze bwino amalume asanayambe, majini ake si aziwanda aja ayi, ndikunena malangizo a zakumtundu amene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi, pena amangolakwika okha pokoperana ngakhale ku mtundu kulibe wina wotero. Ndiye mlamu wangayo, mayi wa khandali, musamuvutitse, pa masabata amenewo mwina anali asanadziwe nkomwe kuti ndi woyembekezera, sikelo anali asanayambe, mazira amene anadya mimba ili ndi miyezi 6 sangang'ambe diso lomwe linapangika kale.

Chofunika pano mwana akaonedwe ndi a maso, chithunzi cha pafoni chimangoonetsa kutsogolo. Ngati mpatawo uli pa kakuda kakutsogolo kokha ana ambiri amaona bwinobwino, kungoti dzuwa limawathobwa, kachipewa kamathandiza. Koma ukafika kumbuyo ku retina kapena ku mtsempha wa diso, kuona kumachepa, ndipo zimenezo amaziona ndi makina. Akamuonenso mtima ndi makutu chifukwa nthawi zina zimabwera pamodzi. Yambirani pachipatala chapafupi akupatseni kalata, a maso akuluakulu ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kulinso ku Nkhoma. Ndipo chonde chonde m'disomo musadonthezemo kanthu, kaya mkaka wa m'mawere kaya masamba ofinya, palibe chimene chingatseke msokowo, mungoyambitsa chilonda.

Mukanyamuka mundiimbire, mudzagone kuno mawa lake tidzakwerere limodzi minibasi pa Kamuzu Road. Kabuku ka kusikelo musaiwale. Bandulo yatha, tiyankhulana madzulo.