Achimwene a ku Chilenje afunsa: mavidiyo angandiphunzitse pulesi yodzazira zipolopolo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chilenje, kumudzi kwao ku Petauke, dzina sinditchula. Akuti ali ndi mfuti ya .30-06 ya laisensi imene amapita nayo kosaka nyengo yake ikafika, koma mtengo wa zipolopolo wawafika pakhosi, ndiye msuweni wawo wa ku Johannesburg wawauza kuti angawapezere pulesi yasekondihandi yoti azidzaza okha makhesi akale, zikopa zamkuwa zija zimene zimatsala chipolopolo chikawombedwa. Funso lawo ndi ili: "Kodi mavidiyo a pa intaneti angakwane kuti ndiphunzire, kapena ndingotha mabandulo chabe?"

Achimwene, mavidiyo amathandiza, inde. Koma amaphunzitsa maso basi. Manja sangawaphunzitse, ndipo manambala musatenge kwa iwo olo pang'ono.

Tisanafike kumeneko nkhani ya boma kaye, chifukwa ambiri amaiyika kumapeto. Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zimayendera Firearms Act, Cap 110, ndipo kukhala ndi laisensi ya mfuti musakuwerengere ngati chilolezo choti onga ndi mapraima (tizitsulo ta pa thako la khesi timene timayatsa onga) muzilowa nazo pa Chirundu mu katundu wa basi. Pitani ku polisi kumene amaona za mfuti, mufunse ngati laisensi yanu ikulolani kudzaza nokha komanso kuitanitsa zinthu zimenezo, ndipo yankho akupatseni pa pepala, osati la pakamwa la ofisala amene mawa adzakhala atasamutsidwa. Msuweni wanuyo akuyendera lamulo la ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000, kumene munthu wa laisensi amaloledwa kudzaza zipolopolo za mfuti yake yomwe. Aja a m'mavidiyo ambiri ali ku America. Palibe mwa iwo amene adzabwera kudzakuyankhulirani ku khothi kuno.

Ine ntchito imeneyi ndinaiphunzira kumwera komweko, pa famu ina pafupi ndi Polokwane pamene ndinagwira zaka zingapo, kwa mdala wina amene anali ndi pulesi ya RCBS Rock Chucker yomangidwa pa tebulo la chitsulo mu galaja. Ndisanaigwire ndinali nditaonera mavidiyo ambirimbiri, ndipo sindinama, anandithandiza. Munthu ukawerenga m'buku kuti khesi imalowa mu dai, chitsulo chabowo chomangidwa pa pulesi, kuti ibwerere pa saizi yake ndipo nthawi yomweyo kapini kakankha praima yakale, mutu umangozungulira, koma ukaona kamodzi wina akutsitsa chigwiriro, khesi ikukwera, praima ikugwa pansi kuti gwa, basi wamva. Ndondomeko yonse, kutsuka makhesi, kuwadzoza mafuta, kusaiza, kuyeza kutalika ndi kudula, praima yatsopano, onga, kenako buleti (mutu wa chipolopolo) pamwamba, vidiyo imaionetsa bwino kuposa buku lililonse. Mainanso a zipangizo ndinawadziwira momwemo, moti tsiku loyamba mdala akati ndipatse shell holder, kachitsulo kogwira thako la khesi, sindinayang'ane kudenga.

Koma tsiku lomwelo ndinatsekereza khesi mu dai.

Ndinaiwala kuidzoza mafuta, chigwiriro chinayamba kulimba chisanafike pansi, ine poti mu vidiyo munthu uja ankangotsitsa mosavuta ndinati mwina ndi mphamvu zanga zachepa, ndinakanikiza. Pobweza, mkombero wa khesi unang'ambika, khesi inatsalira mkati. Mdala sanakalipe, anangonditenga dzanja n'kuliyika pa chigwiriro, khesi ina yodzozedwa bwino, akuti imva. Kenako ina youma pang'ono, imvanso. Kusiyana kwake kulipo ndithu koma kamera singakujambule. Zili ngati nsima, mukhoza kuonera amayi akuphika chaka chonse koma kuti ufa wakwana mumamvera pa mthiko, m'dzanja. Praima nayonso chimodzimodzi, ikamalowa mofewa kwambiri ndiye kuti bowo lake lakula, khesi yatopa kapena inalandira presha yambiri, itayeni. Ikakhala bwino imatsika pang'ono pansi pa thako la khesi ndipo chala chimadziwa musanayang'ane n'komwe.

Vuto lina la mavidiyo ndi loti amadulidwa. Munthu sajambula mphindi khumi zimene anakhala akuwunika ndi tochi mu khesi iliyonse kuona ngati onga walowa ndipo walowa kamodzi, chifukwa zimenezo n'zotopetsa, oonera angathawe. Koma pamenepo m'pamene pali moyo wanu. Khesi yopanda onga, praima yokha imatha kukankha buleti n'kuisiya pakati pa mpope, mukawombanso chachiwiri mfuti imaphulikira m'manja. Khesi yothiridwa kawiri, zimene zimachitika kwambiri ku zipolopolo za pisto chifukwa onga wake ndi wochepa ndipo malo amatsala, nayonso ndi maliro. Onjezani kuti kuyambira 2018 YouTube inakhwimitsa malamulo ake pa mavidiyo ophunzitsa kupanga zipolopolo, ndiye ena anachotsedwa, ena eni ake amalumpha dala mbali zina kuti chanelo isatsekedwe. Inu ongoyamba kumene simungadziwe kuti apa palumphidwa kanthu.

Manje za manambala, apa ndiye mundimvetsetse. Kuchuluka kwa onga musatenge kwa munthu wa mu vidiyo, musatenge pa gulu la WhatsApp, musatenge kwa ine, ndipo n'chifukwa chake muno simupeza nambala ya onga ngakhale imodzi. Zimenezo zimachokera m'buku la opanga onga, mabuleti kapena zipangizo zodzazira, monga a Lyman, Hornady, Sierra, amene amayeza presha ndi makina. Amakupatsani poyambira ndi pothera, mumayamba pansi n'kumakwera pang'onopang'ono. .30-06 yanuyo malire ake a presha malinga ndi SAAMI, bungwe la ku America loona za miyezo imeneyi, ndi 60,000 psi. Tayala la galimoto yanu mumapopa mwina 32. Zonsezo zikuchitika masentimita ochepa kuchokera pa tsaya lanu.

Ndipo onga si umodzi ayi. Wa mu vidiyo akhoza kukhala akugwiritsa Hodgdon kapena IMR, wa ku Ulaya Vihtavuori wa ku Finland, pamene msuweni wanu ku Joni mwina azolowera Somchem, ma S335 ndi S365 aja. Uliwonse umayaka pa liwiro lakelake, wina msanga wina mochedwa, ndipo nambala ya uyu siigwira kwa uyo ngakhale akuoneka ofanana m'maso. Onga wa pisto ukalowa mu khesi ya mfuti yaikulu pa muyezo wa onga wa mfuti yaikulu, mfutiyo yatha, mwinanso nkhope. N'chifukwa chake mdala uja pa tebulo pake pankakhala chitini chimodzi chokha nthawi imodzi, zina zonse mu kabati.

Chinanso chimene anzathu a m'mavidiyo satchula poti kwao n'chodziwikiratu: iwo amayeza mu ma grain, osati magalamu. Galamu imodzi ndi ma grain 15.4. Sikelo ya kukhitchini kapena zija zotchipa za ku Kamwala zoyezera zinthu zing'onozing'ono sizigwira ntchito imeneyi, mufunika yoyeza mpaka 0.1 grain, ndipo ine ndimakonda yakale ya mtanda yosafuna magetsi, poti malaiti athu mukuwadziwa. Kutenthanso. Onga ukatentha presha imakwera, ndiye chipolopolo chimene munthu anachiyesa kozizira ali mu jekete n'kunena kuti chili bwino, si chimodzimodzi mu Okutobala ku chigwa cha Luangwa kumene kumapitirira madigiri 40 ndipo zipolopolo zakhala pa dashibodi kuyambira m'mawa. Amene amadzaza kufupi ndi malire apamwamba, kumeneko n'kumene bolt, chotsekera mfuti chija, imakana kutseguka.

Makhesi anu akale muwawunike mkati musanasangalale. Bowo limodzi pakati ndiye kuti ndi a praima ya mtundu wa Boxer, amadzazika. Timabowo tiwiri ndiye Berdan, ambiri achisilikali akale ndi otero, ndipo mukawakakamiza mu dai wamba muthyola kapini. Zoseketsa n'zoti Edward Boxer anali Mngelezi, Hiram Berdan anali wa ku America, koma Amerika anatenga ya Mngelezi, ya Berdan n'kufala ku Ulaya. Izo n'zongocheza.

Za mtundu wa pulesi, mavidiyo amakopa. Mudzaona pulesi ya Dillon ya buluu ija, kukoka chigwiriro kamodzi ntchito zinayi kapena zisanu zachitikira limodzi, chipolopolo chikugwera mu kabokosi, mtima n'kuti imeneyo. Ayi achimwene. Zimenezo n'za anthu a mpikisano owombera mazanamazana pa wikendi. Wongoyamba afunika pulesi ya ntchito imodzi nthawi imodzi, monga Rock Chucker kapena za Lee zotsikirako mtengo, kuti diso likhale pa khesi imodzi. Mlenje pa chaka amatha mabokosi angati? Ndipo pamenepa muwerengere bwino ndi pensulo, chifukwa pulesi payokha si kanthu, pali madai a .30-06, sikelo, kalipa yoyezera kutalika, chodulira makhesi, buku, kenako onga, mapraima ndi mabuleti zoti zibwere ndi mapepala ake. Ngati mumawomba mabokosi awiri atatu pa chaka ndalamayo siibwerera msanga. Ambiri amene ndinawaona akupitiriza ndi aja a .375 H&H ndi zazikulu zina zimene bokosi limodzi limaliritsa, kapena amene amangokonda kuti mfuti yawo iziponya pamalo amodzi.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatere. Polisi kaye, pepala m'manja. Akalola, msuweni atumize buku pulesi isanabwere, muwerenge machaputala oyambirira aja onse amene anthu amalumpha pothamangira matebulo a manambala. Kenako muonere mavidiyo, makamaka a kampani imene inapanga pulesi yanuyo osati a munthu ali ndi botolo la mowa pambali, ndipo pamene vidiyo ikutsutsana ndi buku, buku lapambana. Mukatero mufufuze kwa alenje anzanu kapena ku kilabu yowombera munthu amene wakhala akudzaza zaka zambiri movomerezeka, mumupemphe akhale pambali panu pa makhesi makumi awiri oyamba, foni ili m'thumba, magalasi oteteza maso ali kumaso, fodya kunja. Ndipo muwauze asuweniwo ajambule madai ali m'bokosimo akutumizireni chithunzi musanatumize kwacha iliyonse, chifukwa mapulesi asekondihandi nthawi zambiri amabwera ndi madai a mfuti ya mwini wake wakale, mungalandire a .308 inu muli ndi .30-06.