Mileme ya m'phanga ndi kachilombo ka Marburg

Funso: Timatapa zitosi za mileme m'phanga n'kumathira kudimba. Tamva kuti mileme imanyamula Marburg. Tiiphe yonse? Mlimi, Dedza

Yankho: Ayi bambo, musaiphe. Marburg, kachilombo koyambitsa matenda oopsa otentha thupi ndi kutaya magazi, kamakhala mwa mileme yodya zipatso ya mtundu wa Rousettus aegyptiacus, yogona m'mapanga ndi m'migodi. Yokha siidwala, koma kachilomboka kamatuluka m'malovu, m'mkodzo ndi m'zitosi.

Ku mgodi wa Kitaka ku Uganda, anthu atadwala mu 2007, mileme inaphedwa yambiri. Ina itabwera kudzakhalamo, ofufuza anapeza kuti gawo la yonyamula kachilombo lakwera kuposa kale, poti yobwerayo inalibe chitetezo m'thupi. Anatsimikiza kuti matenda achokera kwa mileme poyerekeza majini (zizindikiro za chibadwa) a kachilomboka: anafanana kwambiri mwa odwala ndi mwa mileme.

Mileme yoopsa kwambiri ndi ing'onoing'ono ya miyezi ngati 6. Polowa m'phanga valani magolovesi, majombo ndi chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo wazani madzi pa zitosi kuti fumbi lisauluke. Chipatso cholumidwa ndi mleme, tayani. Mukatentha thupi pasanathe masiku 21 chilowereni m'phanga, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene za phangalo, chifukwa poyamba matendawa amafanana ndi malungo.