Funsani Aphunzitsi Akale: Ana anga a Sitandade 5 Chizungu sakuchimva

Aphunzitsi aakulu, ine ndi mayi amene ndangotha zaka ziwiri pa ntchito ya uphunzitsi, ndinatuluka ku TTC, koleji ya aphunzitsi, ndikudziona ngati ndadziwa zonse koma eee zinthu zake si zimenezo. Anandipatsa Sitandade 5, ana 112 kalasi imodzi, mabuku a Chizungu alipo 19 okha ena masamba anathothoka kalekale. Nde mukudziwa kuti kalasi imeneyi masamu, sayansi, zonse timaphunzitsa m'Chizungu, ndikamayankhula ana amangondiyang'ana pakamwa, ndikafunsa funso onse pamodzi "yes madam" ngakhale funsolo silofuna yes. Anzanga akuti ndiyambe kupereka chibalo kwa aliyense woyankhula Chichewa. Ndichite bwanji? Ndalama zogulira zipangizo ndilibe.

Mphunzitsi wa ku Ntchisi

Amayi, ndiyambe ndi za chibalozo chifukwa zimandiwawa mpaka lero. Ife tinakula nthawi ya kachikatoni kovala m'khosi, ukangoyankhula Chichewa kakupeza, iwenso uzisakasaka mnzako woti umupatsire. Mukuganiza tinaphunzira Chizungu chifukwa cha kachikatoniko? Ayi ndithu, tinaphunzira kukhala chete. Musayambe zimenezo.

Ana anuwo si mbuli. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti Chizungu chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, koma tonse tikudziwa kuti kumakalasi ang'onoang'onoko aphunzitsi amadalira Chichewa, kwina Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo sindikuwadzudzula, mwana wa zaka 6 ungamufotokozere bwanji kuchotsera manambala m'chiyankhulo chomwe kwawo sachimva. Nde akafika kwa inu zimakhala ngati mwawaponya pakati pa nyanja. Chichewa chija musachithamangitse, muzichigwiritsa ntchito pang'onopang'ono, fotokozani mwachidule m'Chichewa kenaka bwererani ku Chizungu, iwo abwereze ndi pakamwa pawo.

Ndipo Chizungu akuchidziwa kale chambiri, sanauzidwe chabe. Tsiku lina lembani pa bolodi supuni, buku, tebulo, bokosi, sukulu, sopo, foni, mbali inayi spoon, book, table, box, school, soap, phone, muwauze agwirizanitse. Mudzaona nkhope zikuwala. Pomwepo mwapeza mpata wowaonetsa vuto lathu lalikulu, loti mawu a Chichewa amathera pa vawelo (a, e, i, o, u) nthawi zonse, nde lilime limafuna kuwonjezera kamchira, book ikhale buku. Muziwauza kuti dulani mchira, amaseka koma saiwala.

Palinso L ndi R. Kwa ife ndi liwu limodzi, timangolemba r pambuyo pa i ndi e, nchifukwa chake mwana amati akupita kutchalitchi kuka "play" pomwe akufuna kunena "pray", kapena mlendo tamuphikira "lice" m'malo mwa "rice", nsabwe zenizeni kkkk. Musawakalipire, ingotengani mphindi zisanu tsiku lililonse, inu mutchule liwu iwo akweze dzanja lamanja ngati amva R, lamanzere ngati amva L. Khutu liyambe, pakamwa pabwere pambuyo. Chimodzimodzi "ship" ndi "sheep", ife mavawelo tili nawo asanu okha nde awiriwa timawamva ngati amodzi. Za he ndi she nazonso muziyembekezera, ife timangoti iye kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, imitsani mnyamata ndi mtsikana kutsogolo anzawo aziloza ndi kunena.

Za zipangizo, TALULAR, njira yophunzitsira ndi zinthu zopezeka m'dera lanu momwemo, munaiphunzira ku koleji kuja si yongolembera mayeso ayi. Uzani ana abweretse mapaketi a shuga otha, makatoni a sopo, mabotolo a mafuta ophikira, zikutiro za mabisiketi, zonsezi zalembedwa m'Chizungu. Pakona ya kalasi pakhale kagolosale, wina wogulitsa wina wogula, ndalama zikhale timapepala, azifunsana "How much is the sugar?" ndi kunenerera mtengo, apa mwaphunzitsa Chizungu ndi masamu nthawi imodzi. Makatoni akulu a ku golosale ang'ambeni mulembepo ziganizo ndi makala ngati cholembera cha maka mulibe, koma madzulo muzichotsa ngati kalasi yanu ilibe chitseko, mbuzi sizisankha. Nyuzipepala zakale za The Nation kapena Daily Times musazisiyire ogulitsa mandasi okha, dulani zithunzi, makamaka za mpira, gulu lililonse linene ziganizo zitatu pa zomwe likuona.

Mabuku 19 pa ana 112 ndiye kuti buku limodzi ana asanu ndi mmodzi, agaweni magulu otero ndipo gulu lililonse likhale ndi mmodzi wowerengako bwino, alipo ndithu m'kalasimo. Funso musamaliponye kwa kalasi yonse, ndi pomwe pamachokera "yes madam" uja, muziti funsa mnzako wakhala naye pafupi kenaka mutchule dzina la mmodzi ayankhe. Kukhala phokoso, auzeni a hedi zisanachitike kuti asaganize kuti mwatuluka. Ndipo mukapita ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, musachite manyazi kufunsa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ngati kuli mabuku owerenga otsala kapena sukulu ina mu zoni yanu ili ndi ochuluka, pena amangokhala m'makatoni mu ofesi chiswe chikuwadya.

*

Aphunzitsi, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 ndipo Chizungu chikumuvuta. Ndingamuthandize bwanji ine wosachidziwa?

Bambo wa ku Balaka

Bambo, mwachita bwino kudera nkhawa pano osadikira Fomu 4, chifukwa satifiketi ya MSCE satenga munthu amene walephera Chizungu ngakhale maphunziro enawo akhoze bwanji. Koma simukufunika kuchidziwa inuyo. Nkhani za m'Chizungu zikayamba pa wailesi mukhale naye, zikatha akufotokozereni m'Chichewa zomwe zanenedwa, kenaka za m'Chichewa zikabwera mumva nokha ngati amanena zoona kapena amakupusitsani. Mauthenga a pafoni obwera m'Chizungu, pepala la mankhwala, zolembedwa pa thumba la feteleza, azikuwerengerani iyeyo mokweza. Ndipo madzulo mayi ake amuchepetsereko ntchito za kukhitchini apeze ola limodzi la buku, mbale angatsuke achimwene ake.